Suti Yanga Inandidyera Chaka

Suti yanga yakuda ili kuseri kwa chitseko ndipo sindikudziwa ngati ndidzaivalanso. Siinang'ambike, njenjete sizinaikhudze, koma ndikangoiona mtima umandiwawa. Inandidyera chaka chathunthu ine ndikumwetulira.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo choko ndachigwira mpaka imvi zatulukira m'kalasi momwemo. Kwathu ndi ku Rumphi, koma ntchito inandiponya kuno ku Blantyre, kumene ndimachita lendi kachipinda kakuseri ku Zingwangwa. Mayi a kunyumba ali kumudzi ndi ana, akusamala munda ndi mayi anga okalamba. Zoti andisamutsire kwathu ndinapempha mpaka kutopa. Kenaka wina wodziwa zinthu anandinong'oneza kuti kusekondale za kwathuko aphunzitsi a digiri akusowa, ndipo nditakhala nalo pepalalo njira ingatseguke. Ndiye ndinafunsira malo pa yunivesite ina mumzinda muno, m'ndondomeko ya anthu apantchito ophunzira Loweruka ndi Lamlungu. Ananditenga.

Ndinaimba foni kumudzi tsiku lomwelo.

"Zaka zinayi zokha, mayi a Temwa, kenaka ndikubwera ndi katundu yense."

"Zinayizo ndiwerenga," anatero. "Za chachisanu musadzandiuze."

Vuto lonse linayambira apa: yunivesite inaitana ophunzira atsopano tonse kuti tikakhale masiku angapo tikumva malamulo a pasukulupo. Ine ndinati aaa, munthu wa msinkhu wanga akandionetse kumene kuli chimbudzi? Malamulo a sukulu ndimawalemba ndine pa bolodi chaka ndi chaka. Sindinapite. Ndinangodutsa tsiku lina madzulo, n'kukopera ndandanda wa maphunziro umene anamata pakhoma, basi ndathana nazo. (Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwambi umenewu ndauphunzitsa ku Sitandade 6 kosawerengeka, ndipo ana olephera kuutanthauzira ndinkawasesetsa bwalo.)

Makosi anga anali anayi. Atatu tinkaphunzirira mu holo yaikulu, chikhamu cha anthu, ambiri a iwo amsinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinkakhala kumbuyo, ndipo mipando ya mbali zanga zonse ziwiri inkatsala yopanda munthu. Sikuti anawo anali amwano, ayi. Ndikamadutsa ankapatuka, nthabwala n'kuzimitsa, wina n'kunena chapansipansi kuti, "Apatseni njira madala." Ulemu unalipo wochuluka, koma wondifunsa dzina panalibe. Anali ndi gulu lawo la pa foni louzirana zonse zosintha, pomwe ine kafoni kanga ndi kamabatani. Ndinkafika ndekha, kudya chinangwa changa ndekha pansi pa mtengo, n'kukakwera minibasi ndekha. Ndinkasungulumwa, abale, kuposa mmene ndimasungulumwira m'kachipinda kanga.

Kosi yachinayi inali Mbiri ya Maphunziro, Loweruka masana, m'chipinda chaching'ono cha pamwamba. Tsiku loyamba ndinati ndikaoneke ngati munthu: suti yakuda, tayi, nsapato zopolisha, magalasi, ndi chikwama cham'manja chimene ndimanyamula pa misonkhano ya aphunzitsi. Ndinalowa kalasi itangoyamba kumene.

Kalasi yonse inati zii. Mphunzitsi wake, a Chikopa, mnyamata wowonda amene ndevu zinali zisanagwirizane pomera, anasiya kulemba n'kubwera chothamanga. Anandipatsa moni ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono.

"Takulandirani, bwana. Tinamva kuti mubwera, koma sitimadziwa kuti ndi lero."

"Zikomo," ndinayankha. "Ndizibwera Loweruka lililonse."

"Lililonse, bwana?"

"Mpaka semesita ithe."

Kenaka anatuma wophunzira wina kukatenga mpando wofewa ku ofesi, n'kuuika kutsogolo cham'mbali, pafupi ndi zenera. Ndinakhala, mwendo pa unzake, mumtima ndikuti: ehe, awa ndiye analeredwa.

Phunziro la tsikulo linali la kayendetsedwe ka sukulu: ntchito za ahedi, makomiti a makolo, kagawidwe ka aphunzitsi. Zinandidabwitsa pang'ono kuti mbiri ili kuti apa, koma ndinadziyankha ndekha kuti ku yunivesite mwina mbiri amaiyambira lero n'kumabwerera chambuyo. Komanso nkhanizo zinali zanga zenizeni, zomwe ndimazipuma tsiku ndi tsiku. Ndinatulutsa kope n'kuyamba kulemba. Ndinaona kuti ndikangoweramira kulemba, a Chikopa mawu ankawathawa. Ndikakwinya nkhope (magalasi angawa ndi akale, pa bolodi sindiona bwino) iwo ankabwereza mfundo yonse kuyambira pachiyambi.

Pepala losainira amene abwera linkayenda mzere ndi mzere, koma likafika pa ine linkalumpha. Tsiku lina ndinatambasula dzanja. Mtsikana amene anali mtsogoleri wa kalasiyo, Tadala, analibweza mwaulemu.

"Ayi bwana, ili ndi la ife ana."

Ndinagwedeza mutu mokhutira. Zoonadi, munthu wokhala kutsogolo chonchi, ndani angakayikire kuti sanabwere?

Sabata yotsatira pa mpando wanga panali botolo la madzi. Ina yotsatirayo panali madzi ndi masamusa pa kambale, atavindikira bwinobwino. Ndinaimbira mayi a Temwa kuwauza kuti yunivesite ndi malo ena, anthu akuluakulu amatisamala. Iwo anangoti, "Onse amadya masamusawo?" Ndinati akazi inu mumakonda kukayikira zinthu.

Nditazolowera, ndinayamba kufunsa mafunso. Tsiku lina a Chikopa akufotokoza za kaphunzitsidwe ka m'magulu, ndinakweza dzanja.

"Pepani aphunzitsi, zimene mukunenazi munaziyesapo pa sukulu yeniyeni, poti ana akhala pansi mpaka pakhomo?"

Mnyamata uja thukuta linatsika ngati akuwotcha njerwa. Anayankha mozungulira, napepesa, nalonjeza kuti akafufuza. Loweruka lotsatira anabwera ndi zithunzi, matchati, ndi tayi watsopano. Ophunzira ankandiyang'ana ngati ndagwetsa njovu.

Ndinene chilungamo: kukayika kunkandifikira. M'minibasi yobwerera ku Zingwangwa, titapanikizana anayianayi, ndinkadzifunsa kuti bwanji nkhope za m'chipinda chija sindiziona mu holo? Bwanji semesita yafika pakati koma za amishoni ndi sukulu zawo zoyamba sitinazikhudze? Koma ndikafika kunyumba, n'kutsegula chitseko, n'kupeza kapu ili pomwe ndinaisiya m'mawa, mafunsowo ndinkawakankhira pansi pa bedi. Sabata yonse wondilankhula anali ana a sukulu, kondakitala ndi wailesi. Loweruka masana lokha ndi pamene anthu ankaimirira ine ndikalowa, wina n'kundifunsa kuti, "Mwaswera bwanji, bwana? Kunyumba ali bwanji?" Ndinkaliyembekezera tsikulo ngati mwana woyembekezera Khirisimasi. Munthu sufufuza kwambiri pamalo pamene akukukonda.

Ndiye kunabwera mayeso a pakati pa semesita. Ndinawerenga notsi zanga mpaka kuziloweza, ndinasongola mapensulo, ndinagula ndi cholembera chatsopano. A Chikopa anagawa mapepala kwa onse, ine n'kundidumpha.

"Langa lili kuti, aphunzitsi?"

Anathamanga kundipatsa limodzi. "Pepani bwana, onani ngati mafunsowa ali pa mlingo woyenera."

Ndinawawerenga. "Ali bwino. Lachitatuli lokha ndi lophweka kwambiri."

"Tidzakonza, bwana. Inu musavutike ndi kalikonse, ingokhalani muone mmene timachitira."

Ndinamva kukoma mpaka kumsana. Ndinati basi, aona okha kuti zaka zanga zapantchito zaposa kamayeso aka. Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi: kukhala pansi ana akulemba sindingathe. Ndinadzuka n'kuyamba kuyendayenda m'mizere, manja kumbuyo. Kumapeto kwa mzere wina ndinagwira mnyamata ali ndi likasa, kapepala kobera mayeso, atakapinda m'kati mwa sokosi. Anandichonderera chapansipansi.

"Chonde bwana, musalembe mu lipoti lanu. Ndatsala pang'ono kumaliza."

Ndinamukhululukira ndi mtima wa ukholo, n'kumulangiza za kuopsa kwa chinyengo. (Inde, ine, wa chaka choyamba, amene ngakhale khadi la ku laibulale ndinali ndisanatenge.) Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika kumapeto kwa semesita. Aliyense ankayenera kukatenga chilolezo cholowera m'mayeso ku ofesi ya kaundula. Ndinaima pa mzere ndi suti yanga, ndipo nditafika pa zenera ndinapeza mayi wina wa magalasi okhuthala, wosaseka ndi munthu. Anayang'ana pa kompyuta, n'kundiyang'ana ine.

"Makosi atatu muli bwino, bambo. Koma Mbiri ya Maphunziro simulemba."

"Chifukwa?"

"Simunalowemo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Ntchito simunapereke, mayeso a pakati simunalembe. Lamulo likuti wojomba chonchi saloledwa kulowa m'mayeso."

Ndinaseka, kuseka kwa munthu wodziwa kuti ali ndi mboni. "Mayi, ine kujomba? Funsani a Chikopa. Ndimakhala kutsogolo penipeni."

"A Chikopa saphunzitsa Mbiri. Iwo ali ndi a chaka chachinayi."

Komabe ndinalimbikira kuti awaitane. Anabwera akumanga mabatani a jekete, ndipo atangondiona anapinda bondo lija.

"Bwana, lipoti latuluka?"

"Lipoti lanji?" anafunsa mayi aja. "Awa ndi wophunzira wathu wa chaka choyamba."

A Chikopa anandiyang'ana, anayang'ana mayiwo, n'kukhala pa benchi pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Nkhani yonse inatuluka pamenepo, pamaso pa mzere wonse. Zipinda anazisinthanitsa sabata yoyamba yomwe: a Mbiri anawatsitsira pansi, a chaka chachinayi n'kukwera pamwamba, ndipo uthenga unapita pa gulu la pa foni lija. Nthawi yomweyo aphunzitsi onse anali atachenjezedwa kuti kubwera akuluakulu oyendera mayunivesite, osanena tsiku, ndipo azingolowa m'kalasi n'kukhala. A Chikopa anali asanakhazikitsidwe pa ntchito. Ataona imvi, suti ndi chikwama, anadziwiratu kuti tsogolo lawo lalowa pakhomo.

"Ndiye zimene munkalemba zija?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Notsi, aphunzitsi."

"Mayo ine. Mkazi wanga ankalawirira kukazinga masamusa aja. Ku tchalitchi kwathu ku Chilomoni mpaka anakupemphererani kuti mtima wanu ufewe."

Kumbuyo kwanga wina analephera kudzigwira, ndipo mzere wonse unaphulika. Ndinatembenukira kwa a Chikopa n'kuti, "Nanga bwanji simunandifunse kuti ndine ndani?"

"Munthu wamkulu ngati inu, bwana, ndikanayambira pati? Inuyo bwanji simunafunse?"

"Ndimaona ngati mukundidziwa."

Mayi aja anadikira kuti phokoso lithe, kenaka anamaliza ntchito yawo. Mbiri ya Maphunziro imaphunzitsidwa semesita yoyamba yokha, ndipo ndiyo khomo lolowera makosi otsatira. Wosakhoza imeneyo amadikira chaka chamawa kuti ayambe nayo pamodzi ndi atsopano. A Chikopa, Mulungu awadalitse, anayesa kundichonderera. Anati munthuyu sanajombepo, kalasi yanga amaidziwa kuposa eni ake, bwanji osangomulembera kosi yangayo? Mayiwo anapukusa mutu: kosi imene sunalembetse si yako, ngakhale utaiphunzira mpaka kuilota.

"Zonsezi tinafotokoza masiku olandira atsopano aja," anatero. "Munalipo, bambo?"

Ndinatenga chilolezo cha makosi atatu n'kutuluka. Pa masitepe ndinakumana ndi mnyamata wa likasa uja. Nkhani inali itamufika kale. Sanapatuke, anangondimenya paphewa n'kunena kuti, "Zimachitika, aise." Mukhulupirire kapena ayi, mawu amenewo anandikhudza, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu pasukulupo andilankhule ngati mnzake.

Foni ya kumudzi ndinaizengereza mpaka Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Ndinakhala pakhonde pa kachipinda kanga, ana a eni nyumba akusewera mpira wa mapepala pabwalo, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Mayi a Temwa anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka ndinamva mayi anga akufunsa chapatali kuti kwagwanji. Nanenso ndinayamba kuseka, ndikuganiza kuti mwina zathera pomwepo.

Kenaka kuseka kunatha. Ndinamva nkhuku za kwathu zikulira mu foni.

"Ndiye zakhala zisanu," anatero.

"Zakhala zisanu."

"Temwa amati digiri yanu mudzabwera nayo iye asanachoke pakhomo pano. Mumuuze nokha, ine sinditha."

Masiku ano ndimafunsa chilichonse. Ndikalowa m'chipinda ndimayamba ndatchula dzina langa, chaka changa ndi kosi imene ndabwerera, mpaka ana amaseka. Koma nzeru zimenezi zabwera mochedwa, ndipo chaka sichibwezedwa ku ofesi ya kaundula. Mvula yoyamba itagwa, mayi a Temwa anaimba kundiuza kuti abzala, ndipo munda wa kumtunda ausiya ugonere chifukwa manja awiri sangathe minda yonse. Sanadandaule, sanandinene. Anangofunsa kuti, "Kumeneko mwadya?" Ndinati eya, ndadya. Mbaula inali isanayatsidwe.