Vinyo Wodikirira Tadala

Lolemba

Tadala akubwera Loweruka. Amayi andiuza m'mawa uno akusesa pakhonde. "Msuweni wako wa ku Blantyre uja akuti adzatizonde." Adzatizonde! Tikudwala ife?

Mtima ukuwira ngati zachitika dzulo. Pa ukwati wa achimwene ake ku Blantyre anandipatsa chakumwa choyera m'galasi la mwendo. Nditamwa nkhope inakwinyika yokha, ndiye ndinauza wopereka zakumwa, mwaulemu, kuti juwisi wawo wasasa. Tadala anaseka mpaka kugwira tebulo. "Musamudabwe, ndi wa ku Mwanza, amangodziwa manachesi." Onse anaseka, ndi mnyamata wa taye yofiira yemwe anali atangondipempha nambala. Sanaimbe.

Loweruka ndibweza. Ndimuthirira vinyo woyera pakhonde, ndimwa pang'onopang'ono ngati ndinabadwira momwemo, ndifotokoza kakomedwe kake iye akungophethira.

Zofunika:
– mabotolo awiri, lina lophunzirira, lina la Loweruka
– magalasi a mwendo
– nkhope yosakwinyika
– amayi achoke. Ali ndi msonkhano wa amayi a mpingo kwa Nthache. Mulungu ndi wabwino!

A Zuze, dalaivala wa thiraki amene ndimawataipira mapepala ku ofesi kwathu pa malire, alonjeza kundigulira vinyoyo kwawo ku Zobue, kutsidya kwa malire.

Lachiwiri

Afika! Mabotolo obiriwira, makosi ataliatali. Ndalama zomwe ndinkasungira nsapato zija zathera pomwepa.

A Zuze andiphunzitsa ataima pa sitepe ya thiraki: "Menina, mtsikana iwe, uyu si wa ana, alibe shuga. Azizire kwambiri. Umununkhize kaye, osagugudiza ngati thobwa. Wabwino amaluma lilime pang'ono n'kukusiya m'kamwa moyera. Ndi nsomba yowotcha, eee!" Kenaka apsompsona zala zawo. Munthu wamkulu!

Ndalowa nawo m'nyumba m'chikwama, pansi pa mapepala a ku ntchito. Amayi amati mowa ukalowa pakhomo pano wina atuluka ndi katundu wake, ndipo wina ameneyo si iwo. Ndawabisa m'sutikesi ya mabulangete.

Chotsekera chake ndi kamtengo kofewa kolowa m'khosi. Chotsegulira ndilibe. Ndayesa foloko, yapindika. Msomali, wangoboola. Mapeto ake ndakakankhira mkati ndi mpini wa supuni, kakuyandama humo ngati mphemvu yomira.

Ndalawa. Mayo! Mango osapsa ofinyira m'madzi a mandimu. Pa kalilole diso lamanzere likutsinzina lokha.

Lachitatu

Kukutentha ngati tili m'ng'anjo ya njerwa. Botolo ndalikulunga chiguduli chonyowa, ndaliika m'ndowa kunsi kwa bedi. Silikuzizira, langonyowa.

Kuphunzira kukupitirira. Kamwa ndaligonjetsa, diso likukanabe.

Mawu oti ndidzanene Loweruka:
– "Uyu ndi wopepuka."
– "Akumveka kafungo ka zipatso." Zipatso zanji? Ndidzaona.
– "Otsekemera aja ndi a anthu ongoyamba kumene." Awa ndidzanena ndikumuyang'ana m'maso.

Magalasi ndabwereka awiri kwa mnzanga wa ku resiti hausi. Limodzi lathyoka mwendo pa kabaza. Latsala ndi langa. Tadala adzamwera tambula.

Amayi aima pakhomo la chipinda changa, mphuno m'mwamba. "Mukununkha chiyani muno?" Ndati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Ayang'ana zikhadabo zanga zomwe sizinaonepo utoto. Achoka.

Vuto lalikulu: filiji. Mzere wathu wonse uno ili kwa amake Junior okha, ogulitsa mafilizi aja. Amake Junior omwe ananena pa mjigo kuti ntchito ndinaipeza chifukwa chosekerera madalaivala. Ine, wa satifiketi ya Fomu Folo! Sindinawapatse moni chiyambire nyengo ya mvula.

Lachinayi

Ndawapatsa moni. Mawu atuluka ngati minga.

"Iii, anthu inu bwerani mudzaone, a sekilitale alankhula!" Atero amake Junior, mokweza kuti amve ndi a kuseri. Ndameza. Ndasekerera. Tadala adzalipira ndi zimenezi.

Mabotolo ndawakulunga nyuzipepala, ndati ndi mankhwala a m'mimba ofunika pozizira. "M'mimba mwa mtundu wanji?" Maso awo pamimba panga. Ambuye ndigwireni dzanja.

Madzulo ndatenga lophunzirira lija, ndakamwera kuseri kwa bafa. Koma abale! Ndi chinthu china! Kuwawasa kuja kwasanduka kakuluma kabwino, ngati masau oyamba kupsa. Kafungo ka ndimu, kenanso ka udzu wongomweta kumene. Ukameza m'kamwa mumatsala mwa mbee, ludzu lonse la tsiku lathawa. Ndadyera kausipa kokazinga. A Zuze sananame. Diso silinatsinzine!

Ndamaliza lonse, linatsala pang'ono kale. Lopanda kanthu ndaponya m'chimbudzi. La Loweruka ndalisiya kwa amake Junior, pansi penipeni, kuti lizizire mpaka m'mafupa.

Tadala, bwera.

Lachisanu

Filiji ija ndi youmitsa mafilizi. Youmitsa! Ndinaganiza bwanji?

Amake Junior andidikirira panjira ndikuweruka, manja m'chiuno. "Mankhwala anu a m'mimba aja atuluka okha." Vinyo wauma gwa, wakankha kamtengo kaja, wina watayikira pa mafilizi onse. Atsegula chitseko, fungo ngati bala ya pa malire.

"Ana a sukulu ndiwagulitse zimenezi? Nditsuke ine, mutsuka inu, kapena tikafunse amayi anu?"

Ndatsuka ine. Chogwada, mutu m'filiji, filizi limodzilimodzi, iwo atakhala pa mpando akundilozera. "Apo mwasiya, a sekilitale." Zala zachita dzanzi. Ndawonjezera pa mlandu wawo.

Botolo latsala kuposa theka. Litasungunuka ndakhuthulira m'jagi, ndavindikira mbale, ndabisa kuseri kwa sutikesi. Botolo latsata linzake.

Ndiye pa chakudya amayi akuti msonkhano wa kwa Nthache aimitsa, kwagwa maliro. "Zakhala bwino, ndimulandira ndekha Tadala. Ndaitananso amayi abusa adzadye nafe."

Amayi abusa!

Pulani yatsopano: akuluakulu akamacheza, ine ndi Tadala kuseri kwa nyumba. Jagi, galasi limodzi, mawu atatu aja. Zitheka. Ziyenera kutheka.

Loweruka



M'mawa amayi andituma kumsika kukagula nkhuku. Pobwera, jagi ili pa tebulo la pabalaza, pa kansalu koluka, yadzaza mpaka pakamwa.

Amayi akuti, "Ndimasesa kuchipinda kwako. Juwisi wa alendo umabisa kuseri kwa sutikesi? Anasasatu mwanawe, anakunamiza ogulitsa. Koma ndakonza." Athiramo madzi a mumtsuko. Athiramo shuga, osati ndi supuni, ndi dzanja. Pansi pa jagi pali mchenga woyera wosasungunuka. Nsapato zanga!

Kuchotsa sindingathe, amayi abusa alowa kale. Tadala wafika ndi magalasi a dzuwa pamutu, akudandaula fumbi. Amayi abusa apempherera chakudya "ndi chakumwa chimene mwana wanu watikonzera". Ine amen sanatuluke.

Amayi kapu imodzi. Amayi abusa ziwiri, akuti akutsitsa bwino nkhuku. Ine ndikungowerenga matabwa a kudenga.

Tadala waona galasi la mwendo pa kabati, walitenga yekha. Wathira, wazunguza, wanunkhiza, maso atuzuka. Wandinong'oneza: "Iwe, vinyo? Pamaso pa amayi abusa? Ndiwe woopsa!" Wamwa, watsinzina ngati akupemphera. "Koma wasankha bwino. Ine ndimakonda otere, opanda shuga. Anthu osadziwa amafuna otsekemera."

Opanda shuga! Shuga ali phwii pansi pa jagi, pamaso pake! Mtsikanayu sadziwa kanthu! Sanadziwepo kanthu! Ndamugwira, ndipo mboni zilipo, wothira shugayo ali pompo akutafuna chiwindi. Ndaimirira. Ndatsegula pakamwa.

"Ukuti chiyani, mwanawe?" Amayi, kapu m'manja. Amayi abusa nawo andiyang'ana, akudzipepesa mphepo ndi mpango, akumwetulira kuposa masiku onse.

Kuti Tadala achite manyazi, mawu oti vinyo atuluke. Akatuluka, ine ndi sutikesi yanga pa msewu, amayi ku bwalo la mpingo.

Ndati, "Wonjezerani nkhuku."

Lamulungu

Tadala wakwera minibasi ya m'mawa. Pondikumbatira wati, "Wayamba kuchangamuka, msuweni. Ukadzabwera ku Blantyre ndidzakuphunzitsa enanso." Adzandiphunzitsa! Ndamunyamulira chikwama mpaka pa siteji.

Ku tchalitchi amayi abusa andigwira dzanja nthawi yaitali. Akuti dzulo anagona tulo tomwe sanagonepo chaka chino.

Nkhani yokoma chonchi, wouza ndilibe. Mnzanga wa ku resiti hausi akufuna galasi lake. A Zuze akamva za shuga sadzandiyankhulanso.

Chondiwawa china n'chakuti ndikumufuna. Vinyo wozizira uja, woluma uja. Kukutentha, ndamwa madzi a mumtsuko makapu angapo, sakufika pamene pakuyabwa.

Amayi angolowa kumene. Akuti msonkhano wa kwa Nthache ukadzachitika ndidzawapezere juwisi yemwe uja, wokwanira amayi onse a mpingo, shuga adzathira okha.

Ndati ku Zobue anasiya kugulitsa. Akuti adzafunsa a Zuze.