Mapu a Kumanda kwa Atate

Atate, pamaliro anu amalume a ku Pamodzi, ku Ndola kuja, sanabwere. Azakhali a NaBanda sanabwere. Ana awo... basi, ndilekeze pomwepa, mungatembenuke m'mandamo. Onsewo chifukwa chawo chinali chimodzi: "Tinasochera, manda a ku Kitwe sitiwadziwa."

Ndiye pokonzekera kuvundukula chiliza chanu ndinati ulendo uno tione wosochera. Sukulu ndinalekeza panjira, inu mukudziwa, koma zapakompyuta ndimagwiragwira. Ndinapanga katsamba ka pa intaneti, pamwamba chithunzi chanu cha suti ija, m'munsi mapu. Osati chithunzi cha mapu ayi, enieni, oti munthu n'kumakoka ndi chala, kukulitsa, kuona misewu. Pulogalamu yake ndi yaulere, aliyense amangotenga, iwe n'kuikamo manambala awiri a malowo, basi kachizindikiro katulukira. Pamenepo ndinalemba kuti, "Pano ndi pamene agona atate."

Manambalawo ndinawapeza pafoni nditaima pamanda panu, koma foni inathima ndisanasunge. Kunyumba magetsi kunalibe, ndiye ntchito ndinakamalizira kubawa ina ku Bulangililo komwe kuli jenereta. Foni itayaka, manambala awo ali pomwepo, ine n'kukopera. Ndikanadziwa bwanji kuti foni imanena pamene waima nthawi imeneyo? Ndinayang'ana mapu, ndi Kitwe ndithu, n'kutumiza pagulu la banja ndi mawu olasa: "Wosochera ulendo uno wachita dala."

Tsikulo tinalawirira kumanda, ine, amayi ndi abusa, chiliza chili m'nsalu yoyera. Dzuwa likukwera, a ku Ndola osaoneka. Ndinayamba kale kukunong'onezani kuti mwawaona abale anuwa, foni n'kulira. Azakhali.

"Iwe Yohane, achimwene anga munawaika m'bawa?"

Mayo ine! Ndinathamanga. Minibasi ili pakhomo pa bawa, amayi a Mvano a ku Ndola ali m'mayunifolomu, nkhata m'manja, akuimba motsitsa. Amalume ayang'ane foni, ayang'ane chitseko. Zidakwa zavula zipewa! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinamizire intaneti, mayi wogulitsa mowa n'kusuzumira, n'kundilonjera m'Chibemba.

"Ba Yohane, mwaiseni! Yozizira ija ndibweretse?"

Azakhali anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tsogola," anatero, "poti njira ya kuno ndiye ukuidziwa bwino."

Ndinatsogola, minibasi pambuyo, zidakwa nazo n'kukwera, ati maliro sathawa. Besi amene munamva uja anali wawo. Atate, inu mkulu wa mpingo amene mowa simunaulawepo, nsalu yanu inavundukulidwa anthu atadzaza kuposa pamaliro, amalume akulira ngati mwana. Mtima wanga unakhala pansi, ngakhale azakhali mpaka lero amanditcha "wa yozizira".

Mapu ndinakonza, tsopano mukugona pamalo panu. Koma mwambo wina ukadzabwera, ndidzaima pamsewu n'kumaloza ndi dzanja.