Chala cha a Phwetsa

A Phwetsa sankadutsa tayala osalidina ndi chala chachikulu. Akalidina ankapukusa mutu ngati dokotala amene waona zosakhala bwino, n'kunena mawu awo aja: "Mwapopa kwambiri." Mwini tayala asanatsegule pakamwa, mpweya unali utayamba kale kulira pavalavu. Dzina lawo lenileni anatsala akulidziwa ndi mayi a kunyumba kwawo okha.

Ntchito ya bamboyu inali kupalasa njinga pamipikisano, ndipo kampani ina inkawalipira. Nyengo yadzuwa ankatsetsereka m'mapiri, m'miyala momwe ngakhale mbuzi imayamba yaganiza kaye. Mvula ikayamba ankapita kumpikisano wa m'matope, uja wozungulira bwalo limodzi, pofika potitimira munthu n'kutsika, kuika njinga paphewa n'kuthamanga nayo. Kumeneko tayala lofewa ndi limene limagwira nthaka, ndipo matenda ophwetsawa anawatengera komweko.

Amene anatopa nazo ndi mayi. Pampikisano wa m'matope wopalasa amakhala ndi njinga ziwiri: ina akupalasa, ina wina akutsuka. Wina ameneyo anali iwo. Ankaima m'mbali mwa bwalo ndi ndowa ndi bulashi, mvula ikuwalowa m'khosi, bambo n'kutulukira ali matope okhaokha, kuwaponyera njinga yakuda, kutsomphola yoyera, osanena ngakhale zikomo. Chimene mayiwa ankapempha pa moyo wawo chinali chochepa: tsiku limodzi lokha mvula igwe iwo ali m'nyumba, atakhala pawindo ndi mwamuna wawo, mapazi ali ouma.

"Chaka cha mawa, amayi," bambo ankatero. "Mvula ya chaka cha mawa tidzaionera pawindo."

"Munateronso chaka chatha."

"Chaka chatha ndinali wachinayi. Munthu angasiyire pa nambala folo?"

Chaka chotsatira anakhala nambala seveni, ndiye pamenepo sakanasiyirapo n'komwe. Zikho anapatako zingapo ndithu, koma zonse zinathera kusungiramo manati ndi mabawuti.

Kunyumba nako kunalibe mpumulo. M'mawa wina wogulitsa buledi anafika pakhomo akukankha njinga yake, ali ndwii.

"Mayi, amuna anu aja andiphwetseranso."

"Pepani achimwene, dikirani nditenge pampu."

Bambo ali pakhonde anangoti, "Buledi wako amafika wophwanyika chifukwa tayala lako n'lolimba ngati mwala. Udzandithokoza."

Wilibala ya amisiri omanga nyumba yoyandikana nayo sinapulumuke. Ngakhale kanjinga kamene ankakankhirapo apongozi awo popita kutchalitchi, Lamlungu lina kanapezeka kakukwawa. Apongoziwo anayang'ana mwana wawo n'kuusa moyo: "Pa amuna onse a m'dziko muno, iwe unasankha wakuba mpweya." Kuyambira tsiku limenelo mayi ankayenda ndi pampu m'chikwama monga ena amayendera ndi ambulera.

Kampani itasiya kuwalipira, maondo atayamba kulira pokwera masitepe, mayi anati basi, nthawi ya windo ija yakwana. Anagula mipando iwiri n'kuiika moyang'ana kumsewu. Mvula yoyamba itagwa anapeza mpando winawo ulibe munthu, bambo ali m'shedi akupaka girisi. Anali atalembetsa mpikisano wa madala. Mayi analibenso mphamvu zokangana. Anangotenga ndowa, paja wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima.

Bambo mtima unawaimira m'shedi momwemo zaka zingapo pambuyo pake, atagwada pambali pa njinga, chala chili patayala. Tsiku la maliro kunagwa chimvula choti eni ake akanachivinira. Galimoto yonyamula bokosi inakanika kukwera kachitunda kolowera kumanda, matayala akungozungulira pamalo amodzi. Amuna anakankha mpaka masuti onse anada, koma osaphula kanthu. Mayi anatsika, anagwada m'matope ndi diresi lawo lakuda, n'kudina tayala.

"Adalaivala, mwapopa kwambiri."

Mpweya unalira pavalavu. Wabuledi anaseka misozi ili m'masaya, ena n'kumutsatira, ndipo galimoto inagwira nthaka n'kukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba.

Masiku ano matayala a mumsewu uja ndi olimba onse. Njinga zimangodumphadumpha m'miyala, ndipo wabuledi akuvomera kuti buledi akufikadi wophwanyika. Pampu ili pamsomali kuseri kwa chitseko, palibe wobwera kudzadandaula. Mvula ikagwa mayi amakhala pawindo, mapazi ali ouma, monga ankafunira zaka zonse zija. Mpando winawo sanauchotse. Akuti sankadziwa kuti mvula yoonera pawindo imachedwa kukata chonchi.