Denga Lidikire Munthu wa Inshuwalansi

Lolemba

Chimphepo cha masana chasasula denga. Chachokera kunyanja, chalumpha nyumba zonse za udzu, n'kudzasankha yanga ya malata. Zowonongeka:

- malata asanu ndi limodzi a kuchipinda chogona
- phaso limodzi, lathyoka pakati
- galasi la pawindo
- nkhuku imodzi yathawa, koma imeneyo inali ndi maganizo amenewo kale

Ndaimbira Tereza, mwana wanga wa ku Lilongwe. Ndiye adaika nyumbayi pa inshuwalansi, ine ndikumuseka. Akuti akampani adzandikhomera denga latsopano, bola munthu wawo adzaone yekha kuwonongekako ndi maso. Afika Lachisanu. Mawu a Tereza: "Bambo, musakhudze kanthu. Ngakhale msomali."

Ntchito yosakhudza kanthu ndimaitha, akazi anga angachitire umboni. Tasamukira pabalaza.

Lachiwiri

Anthu akubwera kudzapepesa. A Saidi, asodzi oyandikana nafe, afika atasenza malata anga anayi. Awatola m'munda wa chinangwa, ndipo awawongola kale ndi hamala. Ndawafotokozera za inshuwalansi pang'onopang'ono, ngati m'kalasi. Agwedeza mutu. Ndawapempha kuti akawabweze kumundako. Andiyang'ana ngati ndalawirira kachasu, n'kuwatsamiritsa kukhoma mosamala.

Lachitatu

Ku Mua kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndasiya lamulo: aliyense asakwere pamwamba.

Pobwera ndapeza phaso latsopano la bulugamu lili m'malo mwake. Ntchito ya mlamu wanga, a Fabiyano. Akuti mlongo wawo sangagone poyera ngati munthu wopanda abale. Phaso lothyoka lija, umboni wanga weniweni, akazi anga aphikira nyemba.

Nyembazo zakoma, chilungamo chake.

Lachinayi

Ndili pampando pakhomo kuyambira m'mawa, kulondera chibowo changa. Mitambo yada kumapiri.

Cha m'ma naini afika anzathu a mumphakati wa kutchalitchi. Anyamula makwerero, misomali ya m'chitini, ndi malata awiri adzimbiri ochotsa pakhola la mbuzi. Amva zoti ndikukana thandizo chifukwa cha manyazi. Ndafotokoza kawiri, ndatulutsa ndi mapepala omwe. Amayi apampando sanawayang'ane n'komwe. Ati: "Aphunzitsi, kusowa si tchimo. Tchimo ndi kunyada. Tiyeni tipemphere."

Munthu sungaletse anzako uli chitsinzinire. Pomwe tikuti amen, awiri ali kale padenga.

Atha dzuwa lisanapendeke. Amwa thobwa, aimba nyimbo imodzi, apita akusangalala. Mtima ukundiwawa, koma sindikudziwa pouyambira.

Lachisanu

Munthu wa inshuwalansi sanabwere. Akuti mawa.

Umboni wotsala:

- windo losweka
- ine mwini

Windolo ndikulisamala ngati khanda. Ndaganizako zokwera ndekha kukazulanso malata. Makwerero a mumphakati aja apita nawo, komanso a Saidi akusoka ukonde moyang'anizana ndi nyumba yanga. Mphunzitsi wopuma akamagumula denga lake masana, nkhani imafika ku Golomoti dzuwa lisanalowe. Ndasiya.

Loweruka

Wa inshuwalansi uja ndakamuchingamira pamsewu ku Mtakataka. Munthu waulemu, nsapato zopolisha, kabuku m'manja. Wazungulira nyumba kawiri, n'kufunsa ngati ndi yomweyi.

Ndamutengera kuwindo. Galasi latsopano, likuchita kung'anima! Akazi anga aikitsa ndili kumsewu. Akuti mlendo wochokera kutauni sangapeze pakhomo pali chonchija, anthu angatiseke. Magalasi osweka aja asesa n'kutaya m'chimbudzi.

Ndaitana mboni. A Saidi ndi a Fabiyano abwera atavala bwino. Za mphepo angotchula pang'ono, kenako aliyense wayamba kutama ntchito yake. A Fabiyano amenya khoma ndi chikhatho: "Bwana, denga ili zaka khumi silisuntha."

Bwanayo walemba zimenezo. Wandiuza mwaulemu kuti sangalipire chinthu chimene sanachione, ndipo ndili ndi mwayi wokhala pakati pa anthu otere. Wanyamuka ndi kaphukusi ka usipa kochokera kwa a Saidi.

Lamulungu

Kutchalitchi alengeza ntchito yachikondi ya mphakati wathu. Andiimiritsa kuti ndithokoze. Ndathokoza. Anthu awomba m'manja, amayi ena aliza nthungululu.

Tereza waimba. Ndafotokoza zonse. Wandikumbutsa za msomali uja mpaka mayunitsi kutha.

Masana, mvula yoyamba. Denga likudontha malo asanu ndi awiri, m'mabowo a misomali yakale. Mabeseni atha, mapoto atha, tafika pa mbale. Ndafunafuna woti ndimukwiyire, sindikumupeza. Onse ndi anthu abwino.

A Saidi andiona ndikukhuthula beseni pakhonde. Afunsa ngati pali vuto lililonse. Ndati palibe, tili bwinobwino, n'kutseka chitseko msanga asanakaitane anzawo.