Kusaka Mariya wa m'Sitima

Lolemba, 6 Malichi 2006
Lamulungu tikupereka dzina kwa khanda la mwana wanga Esinati. Wotchula makolo ndine. Akwathu ndili nawo m'mutumu: amayi asanu ndi anayi, wina pambuyo pa mnzake. Koma akamwini anga a Lusiyeni, mzungu wa kuno ku Romford, ku London, amalekezera pa agogo awo basi. Munthu wandevu! Akuti amangomva kuti kholo lawo lina, lalikazi, linapirikitsidwa kuchoka ku Akadiya, chigawo cha ku Canada, n'kudzatayidwa kuno. Ndawauza: ndipatseni sabata imodzi.

Lachiwiri
Ku laibulale. Ha! Makina ukangowauza dzina, akulavula anthu akufa. Zaka mazana awiri ndi theka zapitazo: asilikali, midzi kutenthedwa, anthu kupakiridwa m'sitima zapamadzi, mkazi iyi, mwamuna iyo. Ndavula chipewa. Mayi woyang'anira mabuku akuti, "Valani, bambo, muno si m'tchalitchi." Sindikuvala.

Lachitatu
Ndikutsata amayi, monga kwathu. Koma kuno mkazi akakwatiwa, dzina lake limamezedwa ndi la mwamuna! Ndayenda amayi atatu, wachinayi wangolowa pansi, zii. A Lusiyeni akuti, "Apongozi, tsatani abambo, n'kosavuta." Abambo? Anapiye amalondola tambala kodi?

Lachinayi
Ndagonja, ndatsata tambala. Wapezeka! Mariya, wotsika m'sitima. Ndavina m'basi, azungu akuyang'ana kumbali. Kunyumba Esinati wawerenga pepala lonse. M'sitimamo muli:
Mariya wamasiye,
Mariya mwana wa Mariya,
Mariya winanso,
ndi wina inki inafufutika, koma akuoneka Mariya ndithu.
"Ababa, ndiye mwavinira uti?"

Lachisanu
Pepala likuti mmodzi anadzafera kuno ku London. Ndipita ndikalambule manda, mwina andilotetsa. Sitima ziwiri, basi imodzi, kakhasu m'chikwama. Pamalopo lero ndi poimika magalimoto, nyumba yosanja kasanu, galimoto pamwamba pa inzake! Ndagwada pa simenti, ndawomba m'manja mwaulemu. Mlonda akufunsa ngati ndataya makiyi.

Loweruka
Mapepala ndawasiya. Ndafunsa a Lusiyeni: kwanu kulibe kamwambi? Dzina lachibwana? Nyimbo? Akuti agogo awo aakazi ankang'ung'udza kenakake posenda mbatata, anakaphunzira kwa agogo awonso. Mawu sawadziwa. Ang'ung'udza, mwamanyazi, atayang'ana pansi. Kanyimbo kuwoloka nyanja yonse ija kopanda pepala, kudzafika m'khitchini mwa Esinati! Ndakamva kamodzi, ndakagwira.

Lamulungu
Nyumba yadzaza, nsapato mulu pakhomo. Akwathu asanu ndi anayi ndawatchula osapunthwa. Kufika pa akwawo ndangoti, "Mariya wa m'sitima, kaya ndinu uti mwa anayi aja, bwerani nonse, malo alipo." Kenako ndang'ung'udza kanyimbo kaja. A Lusiyeni misozi mbwee, mpaka kupukutira thewera la mwana, loyera mwamwayi.
Kholo sindinalipeze, ndavomera. Sabata yatha, maondo akuwawa, kakhasu sikanagwire dothi.
Khandalo dzina lake ndi Mariya. Wachisanu.