Chingwe cha Ba Bonface, Mbuzi ni Mbasela

Mu Libuyu monse, komboni yathu ya mu Livingstone, munalibe munthu wina wopatsa moni foni koma amalume athu, Ba Bonface Sakala. Anzawo akadzuka ankayamba ndi pemphero. Iwo ankatuluka ndi kampando kawo, kukhala pansi pa mtengo wa mango, kuimika foni pabondo ngati mlendo wolemekezeka, n'kuyamba:

"Mwauka bwanji, Ba Polise? Ine nauka. Mbuzi yanga nayo yauka. Manje lelo muzaionetsa ku banthu, olo muzaibisa futi?"

Foni zii.

"Ehe. Ulemu mulibe, bambo imwe."

Amalume anachoka ku Katete akali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse anagulitsa mbuzi m'mbali mwa msewu. Mawu anali nawo. Akakuwa kuti "Mbuzi apa!" anthu a ku Mukuni ankatembenuka, ndipo ena amalumbira kuti ngakhale mathithi a Mosi-oa-Tunya ankayamba atsitsako phokoso. Koma matenda a shuga anawatupitsa mwendo, kuima padzuwa la kuno kunakanika. Ndiye akazi awo, Ba Justina, amene anachapapo zovala pa loji ndipo Chizungu amachigwirako, anawalowetsa mumsika wa mu foni uja, umene umajambula katundu wako, kulemba mtengo, anthu n'kumaona ali kunyumba kwawo.

Poyamba zinayenda. Mbuzi zinkachoka imodziimodzi, amalume ali khale pamthunzi.

"Justina, uyu ndiye mseu! Ulibe fumbi, ulibe zuba, ulibe ba kanso ya tauni bokupitikisa."

Inatsala imodzi, tonde wamkulu wandevu, wonunkha moti ntchentche zinkamuzungulira patali. Dzina lake anali Manijala, chifukwa ankadya kwambiri osagwira ntchito. Tsiku lina chithunzi cha Manijala chinangosowa mumsikamo, m'malo mwake munabwera uthenga. Ba Justina anawerenga akutsata ndi chala.

"Ati zoweta zamoyo sibalola kugulitsa. Ati mwalakwira polise yabo."

"Bapolisi?"

"Polise. Malamulo yabo."

"Nanga bamalamulo si ndiye bapolisi? Nipatse jekete."

Palibe anawaletsa. Anavala jekete la kutchalitchi, kumanga Manijala chingwe, n'kuyamba ulendo wa ku kapolisi kam'komboni, iwo akutsimphina kutsogolo, mbuzi ikukana kumbuyo, ana akuimba m'mbali. Anapeza wapolisi wamkazi, Ba Miyoba, akudzikupiza ndi katoni.

"Madamu, nabwela kuzipeleka. Iyi ndiye mbuzi mwagwila mu foni."

Ba Miyoba anayang'ana foni, anayang'ana mbuzi, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Pamene ankaseka, Manijala anali atadya theka la tsache la paofesi.

"Batate, ise sitimanga mbuzi za mu foni. Aba bene ba msika bali kutali maningi. Kapena si munthu, ni makina chabe."

"Ofesi yabo ili kuti?"

"Ilibe."

Amalume anabwerera kunyumba akukoka mbuzi yawo. Pofika pageti anati, "Justina, wapolisi alibe ofesi ndiye woipa. Ungamupepese kuti?" Kuyambira pamenepo dzina linakhazikika: Ba Polise.

Tsono Ba Justina anali atatopa. Anatopa ndi fungo, anatopa ndi mashiti odyedwa pachingwe, anatopa ndi kupepesa kwa aneba, Ba Namukolo, amene repu yawo Manijala ankaiona ngati yake. Ana onse anali atapita ku Lusaka, ndipo mtima wa mayiwo unali kumudzi, kumene kuli munda ndi abale oti n'kuthandiza kusamala wodwala. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Bashi Purity, mvelani. Mvula ikagwa uyu Manijala akali pano, tikwela basi ya ku Katete. Bonse batatu."

"Akagulidwa?"

"Akagulidwa tinkala."

"Wakamba wekha. Akagulidwa, ine nifela muno mu Livingstone."

Uwo unali mwezi wa kutentha kuja kumene ngakhale agalu amaleka kuuwa. Nkhondo inayambira pamenepo.

Nzeru yoyamba inali yosintha dzina. Anauza Ba Justina kuti alembe: makina otchetchera udzu, safuna petulo, amadziyendera okha, feteleza amaperekanso okha. Chithunzi anajambula udzu wokhawokha, mbali ina wautali, mbali ina wometeka kumene Manijala anadutsa. Ba Polise sanaone vuto. Mawa lake kunabwera galimoto yoyera, munatsika bambo wa tayi woyang'anira loji ina ya kumtsinje.

"Makina yali kuti, mudala?"

"Yali kumbuyo, yali pa nchito."

Bamboyo anazungulira nyumba, anapeza Manijala akutafuna sokosi. Sanaseke ayi. Anakwera galimoto, ali momwemo n'kuwapatsa amalume nyenyezi imodzi. Mumsika uja wogula amakupatsa nyenyezi, zikachepa katundu wako amatsikira pansi, kumene chala cha munthu sichifika.

"Imodzi chabe?" anatero amalume. "Munthu namupatsa na mpando!"

Nzeru yachiwiri inali ya jekete. Anamva kwa anyamata a pa shopu ya mafoni kuti Ba Polise amazindikira mbuzi poona chithunzi. Ndiye anaveka Manijala jekete la kutchalitchi lija, miyendo yakutsogolo m'mikono, chipewa cha Ba Justina kumutu kubisa nyanga. Analemba kuti: jekete labwino, wovalayo apita nalo. Kunena zoona Manijala anaoneka bwino kuposa akuluakulu ena amene timawaona pa Mosi-oa-Tunya Road. Koma chithunzicho sichinathe ndi tsiku, Ba Polise anachichotsa. Pamene amalume ankakangana ndi foni, Manijala anadya kolala ndi thumba limodzi.

Lamlungu anapita kutchalitchi ndi malaya okha. Ba Namukolo anawafunsa pageti, "Ba neba, jekete ili kuti?"

"Ili mu bizinesi."

Atakwiya anaganiza zowatopetsa Ba Polise. Anaika chithunzi chomwecho kambirimbiri, m'mawa, masana, madzulo, kuti akachotsa china, china chitsale. Uthenga unabwera wakuti akubwereza katundu mmodzi, ndipo awatsekera kwa kanthawi. Ngakhale nkhuku ya pulasitiki sakanatha kugulitsa.

Nthawi yomweyo Rodwell, mnyamata wogulitsa matayala akale kuseri kwa msika, tsiku lililonse anali pamwamba penipeni. Ukatsegula foni, matayala a Rodwell. Ukafuna mbale, matayala a Rodwell. Amalume anamuitanitsa.

"Iwe mwana, Ba Polise ni bululu wako?"

"Awe mudala, nimalipila chabe. Ukalipila bakukweza pamwamba."

"Oho! Kansi badya! Nenze kuona monga ni bapolisi ba bwino."

"Si chiphuphu mudala, ni malamulo yabo."

"Mwana wanga, chiphuphu chikalembewa mu malamulo ndiye chakula."

Anakana kulipira. Anati iwo anaima pamsewu zaka zonsezi osagula malo kwa munthu, anthu ankawapeza chifukwa cha mawu ndi mbuzi zonenepa, ndiye sangayambe lero kugula maso a anthu. Ba Justina analowa m'nyumba. Anangotulutsa zikwama zazikulu za mizeremizere zija, n'kuyamba kupindamo mabulangete.

Chilango chitatha, amalume anakhala masiku angapo osalankhula ndi foni, kungoiyang'ana m'mbali. Kenako m'mawa wina anakuwa ngati kale pamsewu.

"Justina! Nayipeza! Kodi ukagula tomato pa msika, bakakuikilako imodzi pamwamba, ija bamakugulisa?"

"Ija ni mbasela."

"Mbasela ili na mulandu?"

"Ilibe."

"Lemba. Chingwe cholimba chogulisa. Chili ku mapeto kwa chingwe ni mbasela."

Anajambula chingwe chokha, chochokera pamtengo wa mango n'kutulukira kumphepete kwa chithunzi, chili chokokeka bwino kuti munthu wanzeru adziwe kuti kumapetoko kuli kanthu kamphamvu. Mtengo anaika wa mbuzi. Ba Namukolo atamva anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti akanakhala ndi ndalama akanagula okha chingwecho kuti repu yawo ipume.

Koma Ba Polise nawo anadabwa kuti chingwe chanji chodula chotere. Sanachichotse, sanachionetse. Anangolemba kuti akuchiunika kaye. Panali pena pakuti ngati sukugwirizana nazo udandaule, ndipo amalume anadandaula. Ba Justina ankalemba, iwo akunena: kuti ndi nkhalamba, mwendo ndi wotupa, sanabepo kanthu ka munthu, ndipo mbasela ndi mwambo wa dziko lino. Yankho linali lakuti talandira, dikirani.

Anadikira. Kutentha kunakula, mitambo inayamba kusonkhana cha ku Zimbabwe masana n'kubalalika madzulo. Zikwama zinafika zitatu pakhonde. Moni wa m'mawa unayamba kufupika.

"Mwauka, Ba Polise."

Basi. Nthabwala zinatha, mawu aja anatsika. Tsiku lina Ba Justina anawabweretsera tiyi wopanda shuga, anawapeza akungosisita foni ndi chala chachikulu.

"Bashi Purity, ni mbuzi chabe. Ku Katete izagulidwa tsiku limodzi."

"Si mbuzi, Justina. Pa mseu munthu angakane kugula, koma wakuona. Akuti, mwachoma bwanji Ba Sakala, zadula mbuzi zanu. Wapita, koma wakuona. Umu nikuwa, nikuwa, kulibe olo umozi anvela. Ku Katete bonse banali kuniziba banafa. Nizankala chabe nkhalamba ina ya mwendo."

Ba Justina anakhala pansi pambali pawo. Tiyi anazizira.

Anatisiya m'mawa wina pampando womwewo, foni ili pabondo. Ba Justina ankayesa akuwodzera. Amene anadziwa poyamba ndi Manijala, chifukwa analira kulira kwina kumene sitinamumvepo.

Maliro ake, abale anga, Libuyu inachepa. Kunabwera a mabutchala, a mataksi, azimayi a pamsika, anthu a ku Mukuni ndi a ku Simonga, Ba Miyoba ndi yunifolomu yawo, Rodwell atanyamula mahema. Aliyense anali ndi mbuzi yake yoikumbukira: ya ukwati, ya chinkhoswe, ya tsiku limene mwana anamaliza sukulu. Anthu onsewa anali momwemu m'tauni ndi m'midzi yapafupi, ndi mafoni awo m'matumba, osadziwa kuti mudala akuwaitana. Ndiwo zinachepa, ndipo akuluakulu a maliro anayang'ana kumtengo wa mango. Manijala anagwira ntchito tsiku limenelo, koyamba ndi komaliza. Ba Namukolo anadya akulira, akuti akumva kukoma kwa repu yawo.

Tinawaika konkuno. Basi ya ku Katete sanakwere.

Anthu atabalalika, Ba Justina anatsala ndi zikwama zawo pakhonde, kudikira kuti mwambo uthe anyamuke. Ndiye m'mawa wina foni inalira. Inaliranso. Inayamba kulira ngati yapenga. Ba Polise anali atayankha: dandaulo lanu talimva, katundu wanu tsopano akuoneka. Chingwe cha amalume chinali pamwamba penipeni, pamwamba pa matayala a Rodwell, anthu akutumizirana, akuseka, akufunsa ngati mbasela ili ndi nyanga.

Masana kunafika bambo wina panjinga, thukuta lili kamukamu. Anati ndi Mwikisa, wachokera ku Simonga, akufuna chingwe chija ndi mbasela yake. Ataona chitenje chakuda ndi phulusa la moto wa maliro pabwalo, anavula chipewa.

"Bene bake tinaika," anatero Ba Justina. "Mbasela tinadya pa malilo."

Bamboyo anagoneka njinga pansi. Anati atate ake ankagula mbuzi kwa Ba Sakala pamsewu, iye ali kamwana kogwira chingwe pobwerera. Anayang'ana kumtengo wa mango, kumene chingwe chinali chikadali chomangidwa, kumapeto kulibe kanthu.

"Bamayo, palembewa ati chogulisa ni chingwe. Nipaseni chingwe."

Ba Justina anakana ndalamazo, iye anakakamira, mpaka anagwirizana mtengo wa chingwe chenicheni. Bamboyo anachikulunga bwinobwino, kuchimanga pakeriyala ya njinga, n'kupalasa.

Mayiwo anayang'ana kumwamba. Mitambo inali bii, koma pansi panali pouma.

"Chingwe chagulidwa. Manijala kulibe. Mvula ikalibe kugwa." Anapukusa mutu. "Bawina, bamudala aba."

Anakoka zikwama zija kulowa nazo m'nyumba, n'kuyamba kutulutsa mabulangete. Mvula inagwa madzulo ake.

Masiku ano repu ya Ba Namukolo yafika m'mawondo, koma eni ake akuti siikoma. Zovala zimauma pachingwe zili zathunthu. M'mawa mu Libuyu mumangomveka mawilibala ndi mawailesi, ndipo ukadutsa pamtengo wa mango uja umachepetsa liwiro wekha, kudikira moni umene subwera. Kampando kakadali pomwepo. Foni Ba Justina amaitchaja ndithu, ngakhale alibe chogulitsa. Nthawi zina imalira, kufunsa mwaulemu ngati Ba Bonface ali ndi katundu wina woti anthu amuone.

Iwo amaiyang'ana, n'kuitembenuza chafufumimba.

"Mwachedwa, Ba Polise."