Tsiku Limene Ndinaweruza Akasinja ku Kasakula

Mpaka lero ndikamva mawu akuti kasinja, m'manja mwanga mumatuluka thukuta. Kunkhondo sindinapiteko. Ndinangopita ku Kasakula kukaonekera kwa makolo a Esinati, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira.

Ine ndinakulira ku Msakambewa, ndipo mayi anandiphunzitsa zinthu ziwiri za pamaso pa akulu: maso pansi, komanso osatsutsa. Esinati anawonjezera chachitatu. "Bambo anga anali mphunzitsi, ndipo amakonda nkhani za akasinja a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mukawasangalatsa pamenepo, zina zonse n'zosavuta." (Iye amati anangoiwala kundiuza kuti pamudzipo pali munthu winanso wokonda akasinja. Masiku ena ndimamukhulupirira.)

Sabata yathunthu ndinkakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, n'kumawerenga pafoni. Ndinalemba m'kope akasinja atatu: Tiger wa ku Jeremani, T-34 wa ku Rasha ndi Sherman wa ku Amereka. Ndinaloweza ngati ndikukalemba mayeso.

Nditafika Loweruka m'mawa, bambo ake a Esinati ananditenga kukaona dimba lawo.

"Alendo, akasinja mumawadziwa?"

"Pang'ono, bambo."

"Tiger," anatero, ataima pakati pa kabichi. "Chitsulo chokhuthala ngati khoma la tchalitchi cha mishoni. Mzinga wake unkaboola mdani ali kutsidya kwa dambo. Alipo womuposa?"

"Palibe, bambo." Apa ndikanalekeza. Koma nkhope yawo inawala, ndiye ndinawonjezera: "Enawo anali zitini chabe." (Mawu amenewa m'kope munalibe. Anangotuluka.)

Masana ananditumiza kuchigafa kukapereka moni kwa atsibweni ake a Esinati. Kwathu kuno mawu omaliza pa ukwati wa mtsikana amakhala a atsibweni, choncho ndinagwada kutali ndithu. Iwo ndi okonza zigayo, koma tsikulo ankasoka fodya.

"Ndamva kuti alamu anga akudyetsani kale Tiger," anatero osandiyang'ana. "Chinthu cholemera mpaka milatho kumachikana. Kumwa mafuta ndiye osanena. Chikawonongeka, kuchisiya pomwepo. Koma T-34, mwanawe, chitsulo chake chinali chopendekeka, zipolopolo zinkangoterereka. Matcheni otambalala, oyenda m'matope oposa a msewu wathuwu mu Febuluwale. Ndikunama?"

"Ayi, malume."

"Nanga Tiger?"

"Ndi wokongola pachithunzi basi, malume."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa nzimbe. Ndinabwerera ndikudziyamikira. M'maganizo mwanga ndinali nditakhoza mayeso awiri tsiku limodzi.

Chakumadzulo anandiitana pakhonde. Akuluakulu awiriwo anakhala pamipando, ine pamphasa. Esinati ndi mayi ake ankasenda mtedza chapafupi, mwa mtundu uja wa kusenda kumene makutu amagwira ntchito kuposa zala.

"Alamu," anayamba bambo, "mlendo wathuyu ndi wowerenga. Wanena yekha kuti anu aja ndi zitini."

"Zodabwitsa," anayankha atsibweni. "Kwa ine wanena kuti anu aja ndi a pachithunzi."

Ndinayang'ana nyerere imene inkadutsa pamphasa, ndipo ndinaichitira nsanje chifukwa inali ndi kopita.

Bambo anatembenukira kwa ine. "Tiuzeni tonse tili pano, alendo. Wabwino ndi uti?"

Ndinawerengera msanga. Ndikati Tiger, atsibweni akana ukwati. Ndikati T-34, ndidzakhala mkamwini pakhomo pa munthu amene ndinamunamiza m'dimba mwake momwe. Ndiye ndinakumbukira tsamba lachitatu la kope lija.

"Sherman," ndinatero.

"Ndani?"

"Wa ku Amereka, bambo. Sankavuta kukonza, zipangizo zake zinkapezeka, ndipo analipo ambiri."

"Zipangizo zinkapezeka," anabwereza atsibweni pang'onopang'ono. "Alamu, mnyamatayu akusankha kasinja kapena minibasi ya ku Lilongwe?"

"Chija chinkayaka ngati chigafa mu Okutobala?" anatero bambo. "Pamaso pa Tiger?"

"Ngakhale pamaso pa T-34!"

"Apo mwanena zoona, alamu."

Kusenda mtedza kunaima. Ndinamva pambuyo pake kuti chikwatirire bambowo pamudzipo, palibe anawamvapo akunena mawu amenewo kwa mlamu wawo. Anandiphunzitsa mpaka dzuwa kupendeka, wina akamaliza wina n'kuyamba, uku akugwedezerana mitu. Ine ndinkangoti, "Eya, bambo. Eya, malume." Ulendo uno zinali zotheka, poti onse ankanena chimodzi: ndine mbuli.

Pomaliza atsibweni anadzuka n'kukung'untha fumbi pathalauza. "Za akasinja sadziwa kanthu," anatero kwa mlongo wawo, ngati ine palibe. "Koma amamva. Auzeni akwawo abwere tidzakambirane."

Tinakwatirana chaka chathachi, ndipo ndimakhala pamudzi pomwepo. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amandikhazika pakati pawo kuti maphunziro apitirire. Anthu amati ndinabweretsa mtendere m'banjamo. Zoona zake n'zakuti mtenderewo umafuna munthu wolakwa, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa ine. Ndawerenganso zambiri pachulu, moti tsopano ndikuganizadi kuti Sherman anali wabwino. Akandifunsa ndimanena choncho, iwo n'kukondwa kuti sindinasinthe.